Msonkho Timakhoma, Katundu Timawombola

Galimoto zambiri zimene zikunyamula anthu m'misewu ya Karonga, Mzuzu ndi Lilongwe masiku ano, eni ake anayamba kuziona pa foni. Munthu amatsegula tsamba la Be Forward kapena la SBT Japan, n'kusankha Sienta kapena Vitz, n'kutumiza madola kudzera kubanki, kenako n'kumadikira sitima yoti ikatule galimotoyo padoko la Dar es Salaam. Kuchokera pamenepo dalaivala amaiyendetsa mtunda wopitirira makilomita 900, kudzera ku Morogoro, Iringa ndi Makambako, n'kukhota pa Uyole, kutsika mapiri a Tukuyu mpaka pa Kasumulu. Ikangowoloka mlatho wa pamtsinje wa Songwe, galimoto ija imaima. Mwini wake mukamufunsa za ulendo, sanena kuti akukatenga galimoto yake, chonsecho ndalama yogulira anapereka kalekale. Amati, "Ndikupita ku Songwe, ndikawombole galimoto."

Munthu sawombola chinthu cha m'sitolo, chimenecho amagula. Timawombola chathu chomwe chimene chili m'manja mwa wina: njinga imene inapita ngati chikole kwa wakatapila, mbuzi imene aimangirira kwa mfumu chifukwa yadya chimanga cha eni, ndipo kale, m'bale amene wagwidwa ukapolo. Choperekacho ndi dipo. Opita kutchalitchi amawadziwa bwino mawu awiri onsewa, poti Yesu amatchedwa Muwomboli. Kutsidya kwa mlatho Mswahili amati kukomboa, ndipo Muwomboli kwa iye ndi Mkombozi. Ndi mawu a bere limodzi, kungoti Chiswahili chimakonda kumeza l wa pakati: ife njala iwo njaa, ife kulira iwo kulia, ife kutula iwo kutua. Anthu a ku Karonga sanaphunzire za ogwidwa m'buku. M'linga la Mlozi, wogulitsa akapolo, ku Mpata munkasungidwa anthu otengedwa m'midzi ya Ankhonde, ndipo pamene lingalo linagwa mu Disembala 1895, mwini wake n'kunyongedwa, anthu mazanamazana anatulukamo. Tsono pa mawu onse amene akanatha kugwira ntchitoyi, monga kutenga, kulandira kapena kutulutsa, anthu anasankha a ukapolowa kuti afotokozere zimene zimachitika pawindo la ofesi ya boma lawo lomwe.

Boma lili ndi mawu ake ofatsa. Bungwe la Malawi Revenue Authority (MRA), limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 n'kuyamba ntchito mu Febuluwale 2000, likulu lake ku Blantyre analitcha Msonkho House, ndipo njira yake yolipirira pa intaneti ndi Msonkho Online. Mawu oti msonkho savuta kusenda. Pakati pali tsinde lakuti -sonkh-, kutsogolo kuli m-, kumapeto kuli -o amene amasandutsa ntchito kukhala dzina la chinthu, monga kufunsa kumabala funso ndipo kudandaula kumabala dandaulo. Kusonkha n'kubweretsa pamodzi zinthu zimene zinali padera. Timasonkha moto pokankhira zikuni pakati kuti mitu yake ikumane. Timasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama pamaliro. Anthu eni akeo akabwera pamodzi timati asonkhana, ndiye msonkhano umenewo. Msonkho ndi msonkhano ndi pachibale, amasiyana ndi ka -an- kokha, kamene kamatanthauza kuchitirana.

Kusonkha kwa kumudzi kuli ndi malamulo ake osalembedwa. Osonkha amadziwana. Mulu umaoneka ndi maso, ndipo mlembi wa pamaliro amawerenga maina mokweza, wakuti wapereka mbale ya ufa, wakuti wapereka nkhuku. Chachikulu n'chakuti wosonkha lero amadziwa kuti tsiku limene zovuta zidzagwe pakhomo pake, enanso adzamusonkhera. Boma litafuna dzina la ndalama zake, linabwereka dzina la mwambo umenewu.

Koma pakamwa pa anthu sipanyengeka. Tamvetserani mneni amene amayenda ndi msonkho. Palibe amene amati "ndasonkha msonkho", ngakhale kuti galamala ikanalola. Timati kukhoma msonkho, ndipo amene amatolera ndi wokhometsa msonkho, dzina limene Zakeyu ndi Mateyu amadziwika nalo m'maulaliki. Timakhoma msomali, timakhoma chitseko, timakhoma munthu chibakera. M'mawu amenewa mulibe kufunsana. Mbiri yake ikugwirizana nazo. Harry Johnston atayamba kulamula dziko lino mu 1891 sanachedwe kuyambitsa msonkho, ndipo pofika 1894 unali masheleni atatu pa nyumba iliyonse. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 unakwera kufika masheleni asanu ndi limodzi, koma wogwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu ankangolipira theka. Apa zinaonekeratu kuti msonkho sunkafuna ndalama yokha, unkafunanso manja olima m'minda ya atsamunda. Wolephera ankamutenthera nyumba, ndipo mwamuna akathawira kuthengo, amesinjala ankagwira mkazi wake n'kukamusunga kuboma mpaka ndalama itapezeka. Agogo athu amene ankasakasaka masheleni kuti akatulutse mayi wa ana awo ankawombola zenizeni.

Si msonkho wokha umene unabedwa chonchi. Kuthangata n'kuthandiza, ndipo thangata poyamba inali ntchito yothandizana kapena yothandiza mfumu m'munda. Pofika Januwale 1915, pamene anthu a John Chilembwe anaukira esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, mawuwa anali atasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Nawo mawu oti boma anachokera kwa Aswahili: m'Chiswahili ndi mpanda kapena linga, ndipo maofesi oyamba a atsamunda analidi m'malinga. Zimene ena amaphunzitsa, zoti ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi, ndi nthano chabe. Aswahili ankati boma Angerezi asanamange ofesi ndi imodzi yomwe kuno.

Atsamunda asanabwere, chopereka kwa wolamula chinali ndi dzina lina: mtulo. Nawo ndi wosavuta kusenda, ukuchokera ku kutula, kutsitsa pansi zimene wasenza. Mlenje wopha njovu m'dziko la mafumu a Amaravi ankatula mnyanga umene wakhudza pansi kwa mwini nthaka, ndipo a Kyungu a Ankhonde, pa phiri lawo la Mbande, analemera ndi malonda a minyanga omwewo. Wamalonda wodutsa m'dziko la eni ankatula katundu, mfumu n'kutapapo nsalu kapena mikanda, ulendo n'kupitirira. Pa mawu onse athu, mtulo ndi umene ukufanana kwambiri ndi zochitika pachipata cha Songwe, pamene mabasi ochokera ku Dar es Salaam amatsitsa zikwama ndi mabelo onse pansi kuti aonedwe. Ndipo taonani mmene zilankhulo zikukumanirana pamlatho: kutua kwa Chiswahili kuja kunabala kituo, malo otulira, n'chifukwa chake ofesi ya kutsidya imatchedwa kituo cha forodha.

Amalonda athu amene amawoloka kawirikawiri amabwera nawo mawu a kutsidya. Forodha ndi mawu a Chiarabu otanthauza doko pamene ankatolera za mfumu, ndipo ku Zanzibar mpaka lero kuli malo otchedwa Forodhani. Ushuru, umene ndi msonkho wa pakatundu, ukuchokeranso ku Chiarabu, ku mawu otanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi, chakhumi chimene timachidziwa kutchalitchi. Palinso kodi. Mtanzaniya akati kodi akunena msonkho kapena lendi, pamene Mchewa akati kodi ndiye kuti akuyamba funso. Mawu awiriwa si pachibale, anangofanana mwangozi, koma amene anaimapo pamzere wa pa Kasumulu amadziwa kuti kodi wa uko akatchulidwa, kodi wa kuno sachedwa kutsatira.

Ife timangoti "a kasitomu". Mawuwa ndi custom ya Chingerezi, imene Angerezi anaitenga kwa Afalansa, iwonso kwa Aroma, ndipo tanthauzo lake ndi chizolowezi. Zinali zimene wamalonda ankapereka kwa mfumu padoko chifukwa ndi mmene zinkakhalira kuyambira kale. Tikanati timasulire molunjika, a kasitomu akanakhala "a mwambo". Kasitomala nayenso ndi wa m'banja lomweli, munthu amene anazolowera kugula pamalo amodzi. Dyute, amene maejenti amamutchula tsiku lonse, akuchokera ku mawu otanthauza ngongole yoyenera kubwezedwa. Ndipo tariff, buku la milingo ya misonkho, inafika m'Chingerezi kuchokera ku Chiarabu kudzera kwa amalonda a ku Italy. Tanthauzo lake ndi kudziwitsa, ndipo m'bale wake ndi taarifa wa Chiswahili, amene mumamumva pa wailesi ya kutsidya nthawi ya nkhani ikakwana. Dzinali ndi lonjezo limene silikwaniritsidwa mokwanira. Milingoyo ndi yosindikizidwa ndithu, katundu aliyense ali ndi nambala yake motsata ndondomeko ya dziko lonse imene inayamba mu 1988, koma zonse zili m'Chingerezi cha maloya, ndipo mayi amene waitanitsa nsapato pa WhatsApp kuchokera kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam amamva mlingo wake koyamba nsapatozo zili kale pansi pa Songwe.

Mikangano yambiri ya pachipata imayambira pamenepa, ndipo imamveka chimodzimodzi. Ejenti, fomu ili m'manja, cholembera chili kukhutu, amati, "Mayi, a kasitomu sawerengera pa mtengo wa pa invoyisi wokha. Ya transipoti ilowanso." Mayi aja, atagwira m'chiuno, amati, "Iyayi achimwene, ine ndinagula nsapato, sindinagule basi." Ejentiyo sakunama. Lamulo limawerengera msonkho pa mtengo wa katundu kuphatikizapo ndalama yonyamulira ndi ya inshuwalansi, zimene pamapepala zimalembedwa ndi zilembo zitatu, CIF. Tiyerekeze kuti nsapatozo ndi za K100,000 ndipo kuzinyamula kwadya K40,000. Poyambira ndi K140,000. Dyute akakhala 25 peresenti, ndiye K35,000. VAT, imene inalowa m'malo mwa surtax mu 2005, siyang'ananso K100,000 ija. Imakwera pamwamba pa zonse, pa K175,000. Tikawerengera pa 16.5 peresenti, mlingo umene unakhalapo kwa zaka zambiri, tipeza K28,875. Boma latenga K63,875, ndipo nsapato zimene pa foni zimaoneka za K100,000 zafika pa K203,875, ejenti asanalandire yake. Katundu akakhala wa m'gulu lolipira ekisaizi, msonkho umenewo umalowa pakati pa dyute ndi VAT, mulu n'kukulirakulira. Msonkho wina umakhomedwa pa msonkho unzake, ndipo zimenezi ndi zimene wogula pa intaneti sazilota pamene akudina batani.

Pagalimoto nkhani imakula chifukwa a MRA amayang'ana kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo. Yokalamba, imene pa tsamba la ku Japan imaoneka yotchipa, ndi imene imalangidwa kwambiri. Mtengo wa pa tsambalo nthawi zambiri umathera padoko la Dar es Salaam, ndipo za padoko, za dalaivala, za mafuta ndi za pachipata zimakhala za mwini. Komanso madola amasinthidwa kukhala makwacha pa mlingo wa nthawi yowombolera, osati wa tsiku logula. Amene galimoto zawo zinali panyanja mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, anapeza dipo litakwera iwo asanalakwe kanthu. Ena amadabwa kuti bwanji akulipira chonsecho Malawi ndi Tanzania onse ali mu SADC, imene inatsegula malonda opanda dyute mu 2008. Yankho lili pa kumene katundu anapangidwa, osati kumene anagulidwa. Ndowa yopangidwa ku Tanzania, ikakhala ndi chikalata chotsimikiza zimenezo, ikhoza kupeza mwayiwo. Foni ya ku China yogulidwa ku Kariakoo imakhalabe ya ku China. Ndipo njira yofewetsera amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, imene imathandiza pa Mchinji, ilibe mphamvu kutsidya kwa Songwe, poti Tanzania inatuluka m'bungwelo mu 2000.

Tibwere kwa wonyamula, pakuti theka la madandaulo a "msonkho" limakhala lake. Unduna woona za misewu, njanji ndi ndege timautcha wa zamtengatenga, dzina lomveka laulemu, koma mtengatenga poyamba anali munthu, wopanda nsapato, katundu ali pamutu. Mawuwa ndi kutenga kobwerezedwa, kutenga lero, kutenga mawa, osaleka. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John Moir, inatsegula sitolo ku Karonga mu 1884, ndipo katundu wotsika m'sitima ya panyanja ankapitirira pamitu ya anthu mumsewu wa Stevenson kulowera kunyanja ya Tanganyika. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga. Asilikali a Angerezi otsogozedwa ndi General Northey atawoloka malire mu Meyi 1916 kulowera ku Neu Langenburg, imene lero ndi Tukuyu, ufa ndi zipolopolo zawo zinakwera mapiri amenewo pamitu ya anthu, ndipo ambiri sanabwerere. Angerezi ankalitcha gulu la onyamula Carrier Corps, ndipo pamalo pamene linamanga misasa ku Dar es Salaam, lilime la Chiswahili linapinda dzinalo kukhala Kariakoo. Msika umene amayi a ku Mzuzu ndi ku Karonga amaitanitsako zitenje ndi nsapato uli ndi dzina la amtengatenga.

Msewu wa ku Tukuyu womwewo unadzukanso m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala. Malawi anatembenukira kumpoto, n'kukhala ndi malo ake osungira katundu ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya, ndipo kuyambira pamenepo Songwe anakhala chipata chachikulu.

Lero wonyamula timamutcha kuriya. M'zilankhulo za ku Ulaya kumene mawuwa anachokera, tanthauzo lake ndi wothamanga, ndipo kunonso makalata oyamba a positi ankayenda ndi anthu othamanga pansi, kupatsirana thumba kuchokera boma lina kufika lina. Ife tinali ndi mthenga wonyamula mawu ndi mtokoma wonyamulidwa m'manja. Kaphukusi ka AliExpress kamene kamafikira kupositi ndi mtokoma; bokosi la DHL lotera pabwalo la ndege la Kamuzu ndi mtokoma; thumba lolembedwa dzina ndi nambala ya foni, limene kondakitala walilowetsa kunsi kwa basi ku Dar es Salaam, nalonso ndi mtokoma. Chimene wonyamula amalandira ndi malipiro, cha ejenti ndi malipironso, cha wosunga katundu m'nyumba yake ndi lendi. Palibe mwa zitatuzi chimene chili msonkho. Koma poti nthawi zambiri zimabwera pa pepala limodzi, kapena mu uthenga umodzi wa pa foni wakuti "tumizani zakuti kuti katundu atuluke", wogula amaziponya zonse m'thumba limodzi n'kutukwana boma. Osakhulupirika amapezerapo mwayi pa chisokonezo chimenechi. Funso loyenera kufunsa ndi lachidule: pa ndalama zonsezi, ndi ziti zimene zili pa lisiti la MRA? Zimene palibepo zili ndi dzina lina, ndipo zina mwa izo zimanenereka.

Sindili m'gulu la amene amati msonkho wa pachipata ndi kuba. Dziko limene limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, madola ali osowa, silingatsegule chipata n'kungoyang'ana, ndipo mankhwala a m'chipatala cha Karonga sagulidwa ndi mapemphero. Chimene ndimakana n'chakuti dzina lokha lingakwanire. Amene wangowombola galimoto yake n'kuyamba ulendo wa kumwera, kwa zaka zambiri ankalandiridwa ndi maenje a msewu wa M1 pakati pa Karonga ndi Chiweta, lisiti likadali lofunda m'thumba. Munthu wotere ukamuuza kuti wasonkha, amafuna aone mulu ndiponso amve mlembi akuwerenga. Akapanda kuona, amabwerera ku mneni amene agogo ake anasiya.

Ena safika n'komwe pawindo. Kuzemba n'kuchoka mwakachetechete, monga mwana amazembera sukulu. Ukawonjezera -ets-, wachititsa chinthu china kuzemba, ndiye kuzembetsa katundu. Mtsinje wa Songwe umathandiza ntchitoyi. Unasandutsidwa malire ndi pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, koma kuchigwa chakumunsi umasintha njira madzi akasefukira, moti munda umene chaka chino uli ku Malawi ukhoza kupezeka ku Tanzania, ndipo maiko awiriwa anachita kukhazikitsa ndondomeko yapadera yosamalira chigwachi. Mabanja a Ankhonde ndi Anyakyusa ali mbali zonse ziwiri, amamvana chilankhulo, amakwatirana. Mabwato ndi njinga zimadziwa madooko amene sali pa mapu a boma, amene Aswahili amawatcha njia za panya, tinjira ta makoswe. M'menemo mumadutsa shuga, chimanga, mafuta ophikira ndi mabelo. Galimoto yokha ndiyo singathe, chifukwa popanda mapepala a kasitomu siingalembetsedwe nambala.

Wogwidwa amakumana ndi mawu ena, amene sanabwerekedwe kwa Mwarabu kapena kwa Mngerezi. Lamulo limalola a MRA kulanda katundu wozembetsedwa pamodzi ndi galimoto imene yamunyamula, ndipo kuti zibwerere, pamwamba pa msonkho uja pamabwera chindapusa. Liduleniduleni dzinali: chi-nda-pusa. Pakati pake pali chiganizo chathunthu, "ndapusa", chonenedwa ndi wolipirayo, ndipo chi- wakutsogolo wachisandutsa chinthu chogwirika, chimene pabwalo la mfumu chinkakhala nkhuku kapena mbuzi. Kupusa kuli pawiri m'Chichewa: kuchita zopanda nzeru, komanso kugona tulo mpaka kupezereredwa. Mfumu polamula chindapusa inkatanthauza koyambako. Anyamata a njinga a m'mbali mwa Songwe, mnzawo akagwidwa ndi matumba a shuga, amatanthauza kwachiwiriko.